BANG PA-IN: NYUMBA YOPUMULIRAMO MAFUMU A KU SIAM

Kum'mawa kutali, kupyola dziko la India ndi la Burma, kuli dziko limene lero lichedwa Thailand, koma kufikira caka ca 1939 linali kudziwika ndi dzina lakuti Siam. Pa maiko onse a cigawo cimeneco, ili lokha ndilo silinagwe m'manja mwa Azungu. Burma ndi Malaya analamulidwa ndi Angelezi. Vietnam, Cambodia ndi Laos analamulidwa ndi Afalansa. Koma Siam, wokhala pakati pao, anasunga mfumu yace ndi Boma lace. Ofuna kudziwa umo cinthu cotere cinacitikira amawerenga mapangano ndi mbiri za nkhondo. Koma mbali yina ya yankho iri pa malo amene munthu sangawaganizire msanga, ndiwo nyumba zimene mafumu a dzikolo anamanga pa Bang Pa-In kuti azipumuliramo m'nyengo yotentha.

MTSINJE NDIWO UNALI MSEU

Bang Pa-In ali m'mbali mwa mtsinje waukuru wochedwa Chao Phraya, pa mtunda wa makilomita 60, ndiwo mamailosi osakwana 40, kumpoto kwa mzinda wa Bangkok. Mtsinje umenewu uyenda pang'ono-pang'ono pakati pa cigwa cacikuru ca minda ya mpunga, kufikira utathira m'nyanja ya mcere kunsi kwa Bangkok. Masiku akale, miseu ndi njanji zisanadze, mtsinjewo ndi ngalande zace ndizo zinali njira za dziko. Anthu anamanga nyumba zao pa nsanamira zazitali m'mphepete mwa madzi, napita ku msika pa bwato. Ndipo mfumu yomwe, pofuna kuyenda ulendo, inakwera ngalawa.

Kutentha kwa kumeneko kuyamba m'mwezi wa March, ndipo kukula koposa m'April, monga umo dzuwa liwawira m'Zambia mwezi wa October, mvula iri pafupi. Pa nyengo yotere mzinda wa malinga atali ndi anthu othithikana usanduka ng'anjo. Madzi a mumtsinje acepa nadetsedwa, ndipo m'zaka zakale nthenda ya kolera inali kusesa anthu m'Bangkok, monga inacitira m'1820 ndi m'1849. Cotero mfumu yokhala ndi malo ena a mitengo ndi mphepo ya pamadzi inali ndi cifukwa cabwino cothawira kumeneko.

MFUMU YOYAMBA KUMANGAPO

Woyamba kumanga pa Bang Pa-In anali Prasat Thong, dzina lotanthauza nyumba yacifumu ya golidi. Pa nthawi yace mzinda waukuru wa dziko sunali Bangkok ai, koma Ayutthaya, umene uli kumtunda kwa mtsinje womwewo, makilomita ngati 20 kucokera pa Bang Pa-In. Unali mzinda wolemera, wodzala ndi amalonda a ku China, Japan, Persia, Portugal ndi Holland.

Prasat Thong sanali mwana wa mfumu imene inafa iye asanalowe. Anali nduna yamphamvu, ndipo analanda mpando m'1629 atacotsapo ana awiri a mbuye wace, amene onse anaphedwa. Pali nthano imene anthu a kumeneko asimba kufikira lero. Ati mfumu yina yakale, dzina lace Ekathotsarot, inagwidwa ndi namondwe pa mtsinje, ngalawa yace nigubuduka. Inasambira kufikira pa cisumbu, nipeza mkazi wa m'mudzi dzina lace In, amene anaisamala usiku umenewo. Ndipo mwana wobadwa mwa mkaziyo ndiye Prasat Thong. Ati dzina lakuti Bang Pa-In litanthauza malo pamene mfumu inakomana ndi In. Nthano yotere iyenera bwino munthu wolowa ufumu ndi lupanga, pakuti impatsa mwazi wacifumu umene anthu sanaudziwe kale.

M'caka ca 1632 Prasat Thong anamanga kacisi pa cisumbuco, dzina lace Wat Chumphon Nikayaram, nakumbitsa thamanda lalikuru, namanga nyumba yogonamo pambali pace. Mafumu omtsata anazolowera kutsikira kumeneko pa ngalawa kukapumula. Koma m'1767 ankhondo a ku Burma, atazinga Ayutthaya koposa caka cathunthu, analowa mumzindamo nautentha, natenga anthu ambiri-mbiri ukapolo. Kazembe wankhondo dzina lace Taksin anapitikitsa adaniwo, nakhazika ufumu pa Thonburi, kufupi ndi nyanja. Ndipo m'1782 mfumu yoyamba ya banja la Chakri, limene likali pa mpando lero, inamanga Bangkok tsidya lina la mtsinje. Tsopano Bang Pa-In anatalikira, popeza opalasa anayenera kulimbana ndi madzi ulendo wonse. Nyumba zija zinagwa, thengo linamera, ndipo zinapita zaka zoposa 80 malowo ali bwinja.

SITIMA YA MOTO IFUPIKITSA NJIRA

Amene anakumbukira bwinjalo anali Mongkut, mfumu yacinai ya banja la Chakri. Iye asanalowe ufumu m'1851 anakhala zaka 27 m'kacisi monga wansembe wa cipembedzo ca Buddha, ndipo m'zaka zimenezo anaphunzira Cingelezi ndi Cilatini kwa amishoni, nawerenga za nyenyezi ndi za maiko a ku Ulaya. Anaona umo Angelezi anagonjetsera China m'1842, ndi umo anadyera Burma nthuli-nthuli, nazindikira kuti mikondo ndi njobvu zankhondo sizingaletse mizinga. Cifukwa cace m'1855 anapangana pangano ndi Sir John Bowring, mthenga wa Angelezi. Panganolo linali lowawa: msonkho wa katundu wolowa m'dziko sunaloledwe kupitirira magawo 3 pa 100, ndipo anthu a Angelezi akalakwa anaweruzidwa ndi nduna yao, si ndi mabwalo a Siam. Koma linatsegula malonda a mpunga, ndalama zinayamba kulowa, ndi sitima za moto zinayamba kuyenda pa Chao Phraya. Ulendo wotopetsa opalasa unasanduka wapafupi. Mongkut analambulitsa thengo pa Bang Pa-In, namangapo nyumba yofikiramo.

Mwana wace Chulalongkorn ndiye anamanga pafupi-fupi zonse zimene zioneka lero, pakati pa 1872 ndi 1889. Analowa ufumu m'1868 ali mnyamata wa zaka 15, ndipo poyembekeza kukula anayenda ku Singapore ndi Java m'1871, ndi ku India m'1872, maiko olamulidwa ndi Azungu. Kumeneko anaona njanji, mabwalo a mirandu ndi nyumba za abwanamkubwa; koma anamvanso mau amene Azungu anali kunena polanda maiko a eni, akuti anthu ace ngosatsungula, opanda dongosolo, oyenera kuleredwa ngati ana. Mnyamatayo anabwera kwao atatsimikiza mtima kuti mau amenewo asapeze pogwira m'Siam. M'1873 analetsa mwambo wakuti anthu azikwawa pamaso pa mfumu. M'1874 anayamba kuthetsa ukapolo pang'ono-pang'ono, nautsiriza m'1905. Ndipo pa Bang Pa-In anamanga mudzi wacifumu woti mlendo ali yense wa ku Ulaya akauona, asowe cotonza.

NYUMBA ZA MITUNDU-MITUNDU

Munthu wolowa m'mundamo ayamba wadabwa, pakuti aona ngati maiko ambiri asonkhana pa bwalo limodzi. Pali nyumba yochedwa Warophat Phiman, ya m'1876, ya nsanamira ndi khonde monga nyumba za akuru a ku Ulaya. M'menemo munali mpando wacifumu, ndipo mfumu inalandiriramo nduna ndi alendo. Pali ulalo wokhala ndi mafano oyera a cizungu m'mbali mwace. Panalinso nyumba ya matabwa yosanja, Uthayan Phumisathian, yofanana ndi nyumba za m'mapiri a ku Switzerland, yodzala ndi mipando ndi zokometsera zocokera ku Ulaya, imene Chulalongkorn anaikonda kwambiri. Pali nsanja yopakidwa mizere yofiira ndi yacikasu, Ho Withun Thasana, ya m'1881, imene mfumu inali kukwerapo kukapenya minda ndi midzi yozungulira.

Codabwitsa coposa ciri pa cisumbu ca pakati pa mtsinje, popenyana ndi nyumba zacifumu. Pamenepo paima cimango ca nsonga yaitali ndi mazenera a magalasi a mawanga-mawanga, cimene munthu ali yense woleredwa pa mishoni angalumbire kuti ndi chalichi. Koma akalowa m'kati apeza kuti pamalo pa guwa pakhala cifanizo ca Buddha, ndipo otumikiramo ndi ansembe a nsaru zacikasu. Ameneyu ndiye kacisi wa Wat Niwet Thammaprawat, amene anatsirizika m'1878, ndipo mmisiri wace anali Mzungu dzina lace Joachim Grassi. Mfumu inabwereka cikombole kwa alendo, koma cimene inathiramo cinali ca makolo ace.

Pali nyumba yinanso yosanja, yofiira ndi yagolidi, ya denga lopindikira m'mwamba ndi zinjoka zosema, yochedwa Wehart Chamrun. Iyi siinamangidwe ndi ndalama za mfumu. Inali mphatso ya amalonda a ku China okhala m'Siam, amene anaipereka m'1889. Anthu amenewa ndiwo anali ndi zigayo za mpunga ndi masitolo, ndipo ena a iwo anali kusonkhetsa misonkho m'dzina la Boma. Cuma cao cinatsamira pa mfumu, ndi cuma ca mfumu cinatsamira pa iwo. Mphatsoyo inanena zimenezi poyera.

Koma pakati peni-peni pa thamanda, pamene maso a munthu ali yense ayamba kugwera, Chulalongkorn sanaikepo ca ku Ulaya kapena ca ku China. Anaikapo kanyumba kopanda makoma ka mamangidwe a Siam, ka madenga osanjikana ndi nsonga yoloza kumwamba, kooneka ngati kayandama pa madzi. Anakamanga m'1876 potsanzira kanyumba kena ka m'nyumba yaikuru yacifumu ya ku Bangkok, nakacha Aisawan Thiphya-Art, ndilo dzina la nyumba yoyamba ija ya Prasat Thong. Anamanganso kakacisi ka miyala kokumbukira Prasat Thong yemweyo. Potero banja latsopano la ku Bangkok linadzilumikiza ndi mafumu akale a ku Ayutthaya.

BWALO LA KUNJA NDI LA M'KATI

Monga nyumba zonse zacifumu za m'Siam, Bang Pa-In anagawika pawiri. Bwalo la kunja linali la nchito za Boma, la miyambo ndi la alendo. Abale a mfumu aamuna ndi nduna anagona kumeneko. Bwalo la m'kati linali la mfumu, akazi ace ndi ana ang'ono, ndipo mwamuna wina sanaloledwe kulowamo wamba. Pakati pa mabwalo awiriwa pali ulalo wofoleredwa, wokhala ndi khoma la timatabwa topendeka, kotero kuti akazi a m'kati anatha kupenya zocitika kunja, iwo osaoneka.

Mfumu ikasamukira kumeneko, Boma linasamuka nayo. Alembi, asilikari, ophika ndi oimba anatsagana nayo pa mndandanda wa ngalawa zokokedwa ndi sitima za moto, ndipo makalata a Boma anali kuitsata pa mtsinje. Kupumula kwa mfumu kunali kusintha mphepo cabe, si kutula katundu.

TSOKA LA PA MTSINJE

Pa ulendo wina wotere panagwa tsoka limene anthu a ku Thailand sanaliiwale. Pa 31 May 1880 banja lacifumu linanyamuka ku Bangkok kupita ku Bang Pa-In, mfumu itatsalira m'mbuyo pa nchito. M'ngalawa yina munali Mfumukazi Sunanda Kumariratana, wa zaka 19, ali ndi pakati, pamodzi ndi mwana wace wamkazi wosakwana zaka ziwiri. Pofika ca ku Pak Kret ngalawayo inagundidwa nigubuduka. Mfumukazi inamira, ndi mwana yemwe, ndi mlezi wa mwanayo.

Mbiri imene inawanda pa dziko lonse lapansi ndi yakuti anthu ambiri anaima cabe ndi kupenya, poopa lamulo lakuti munthu wamba wokhudza thupi la wacifumu aphedwe. Lamulo lotere linalipodi m'malamulo akale a nyumba yacifumu ya ku Ayutthaya, ndipo linati wacifumu akagwa m'madzi, opalasa amponyere makokonati oyandama kapena amtambasulire mtengo, osamgwira ndi manja. Koma buku la masiku la mfumu yomwe linena zina: kuti amalinyero analumphira m'madzi, nabvuula mai ndi mwana, nayesa kuwatsitsimutsa, koma kunali kutacedwa. Nduna yoyang'anira ulendowo inacotsedwa pa udindo niikidwa m'ndende.

Chulalongkorn anasweka mtima. M'munda wa Bang Pa-In anaimika cipilala ca mwala woyera, nalembapo mau a cisoni opeka yekha, m'cinenero ca Siam ndi m'Cingelezi. Pafupi pace paima cikumbutso cina, ca mkazi wace wina ndi ana ace atatu amene anafa onse m'caka cimodzi ca 1887. Abale awiri a Sunanda a mimba imodzi anali akazi a mfumu yomweyo: Saovabha anabala mfumu yacisanu ndi cimodzi ndi yacisanu ndi ciwiri, ndipo Savang Vadhana anakhala gogo wa mafumu awiri otsatapo.

MLENDO WA KU RUSSIA NDI SITIMA ZA AFALANSA

Nchito yeni-yeni ya nyumbazo inaoneka m'March 1891, pamene Nicholas, mwana wolowa nyumba wa mfumu ya ku Russia, anafika m'Siam pa ulendo wace wa kum'mawa. Chulalongkorn anamtengera ku Bang Pa-In, namcereza masiku angapo ndi maphwando, namuonetsa umo agwirira njobvu za m'thengo ku Ayutthaya. Sikunali kucereza wamba. Siam anali kufuna bwenzi lamphamvu ku Ulaya, ndipo Russia analibe dziko lolilakalaka m'cigawo cimeneco.

Koma nyumba zokongola sizitseka pakamwa pa mzinga. M'July 1893 sitima ziwiri zankhondo za Afalansa zinapyola linga la pa matsiriro a Chao Phraya ndi mfuti, nizikaima pa Bangkok. Siam anakakamizidwa kupereka maiko a tsidya la kum'mawa la mtsinje wa Mekong, ndiwo Laos, ndi kulipanso ndalama zambiri. Mfumu inadwala ndi cisoni miyezi yambiri. M'1896 Angelezi ndi Afalansa anapangana okha-okha kuti asalowe ndi nkhondo m'cigwa ca Chao Phraya, pakuti onse awiri anaona kuti nkwabwino kukhala ndi dziko lowalekanitsa, kuti malire ao asagundane. Caka cotsatira, 1897, Chulalongkorn anayenda ku Ulaya, ndipo Nicholas, amene tsopano anali mfumu ya Russia, anamlandira monga mbale. Cithunzi ca awiriwo atakhala pamodzi cinaturuka m'manyuzipepala, ndipo a ku Ulaya anaona mfumu ya ku Asia iri pa mpando wolingana ndi wa mfumu yaikuru ya Azungu.

Ngakhale zinatero, mtengo wa ufulu unapitirira kulipidwa. M'1907 Siam anapereka kwa Afalansa zigawo za Battambang ndi Siem Reap, ndi m'1909 anapereka kwa Angelezi Kedah, Kelantan, Terengganu ndi Perlis. Nthambi zinadulidwa, koma thunthu linatsala. Kunena kuti Bang Pa-In ndiye anapulumutsa dziko kungakhale kunama. Cinalipulumutsa ndi nsanje ya adani awiri, ndi nzeru ya mfumu yodziwa copereka ndi cokaniza. Koma pa nzeru imeneyo nyumbazi zinali ndi gawo lace, pakuti zinacititsa kuti alendo alankhule ndi Siam monga Boma linzao.

MAFUMU APITA KU NYANJA

Chulalongkorn anafa m'1910. Mwana wace Vajiravudh anakonda kugona m'nyumba yofiira ija ya amalonda, ndipo ndiye anaika cifanizo ca mkuwa ca atate wace m'kanyumba ka pakati pa thamanda. Koma monga sitima ya moto inakweza Bang Pa-In, njanji inamtsitsa. Njanji ya ku Ayutthaya inatsegulidwa m'1897, ndipo pa siteshoni ya Bang Pa-In anamangapo cipinda ca mfumu. Koma pamene njanji yina inafika kumwera, ku gombe la nyanja ya mcere, akuru anayamba kukonda mphepo ya kumeneko. Vajiravudh anamanga nyumba ya matabwa yochedwa Mrigadayavan pa gombe la Cha-am, ndipo mbale wace Prajadhipok anamanga yina pa Hua Hin, naicha Klai Kangwon, ndiko kuti kutali ndi nkhawa.

Dzina limenelo linamnyenga. Pa 24 June 1932, Prajadhipok ali kupumula pa Klai Kangwon, asilikari ndi anyamata ophunzira ku Ulaya analanda Boma m'Bangkok, namtumizira mau akuti abvomere kulamula pansi pa malamulo olembedwa. Mfumu inabvomera, ndipo m'1935 inatula ufumu iri ku England. Maphunziro amene Chulalongkorn anabzala kuti achinjirize mpando ndiwo anabala anthu amene anaucepetsa mphamvu. Akuru anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Koma kalumo kameta mwini, ndiponso kamtema.

Kuyambira pamenepo Bang Pa-In anakhala cete. M'1938 nyumba ya matabwa ija ya ku Switzerland inapsa ndi moto pamene amisiri anali kuikonza, ndipo inamangidwanso m'1996 mwa kufuna kwa Mfumukazi Sirikit. M'ufumu wautali wa Bhumibol Adulyadej, kuyambira 1946 kufikira 2016, malowo anagwiritsidwa nchito kamodzi-kamodzi pa maphwando ndi pa kulandira alendo a Boma, koma mfumu yomwe inakonda kukhala ku Hua Hin.

Lero Bang Pa-In akali cuma ca nyumba yacifumu, koma zipata zace zitsegukira anthu wamba, malinga abvale mwaulemu, mapewa ndi maondo zitaphimbika. Ambiri apitirako pa ulendo wokaona mabwinja a Ayutthaya. Ayenda pa kapinga pakati pa zitsamba zometedwa ngati njobvu, naoloka mtsinje m'kabokosi kolendewera pa cingwe kukaona kacisi wonga chalichi. Zidzukulu za alimi a mpunga, amene makolo ao sanaloledwe kukweza maso pamaso pa mfumu, ziima pa ulalo umene akazi acifumu anali kusuzumirirapo mobisika, ndipo ziwerenga zokha mau a pa cipilala ca Sunanda.